Makoma akale amafuna laimu: mbiri ya kampani yathu ku Cape Town

Sabata ino tapereka makiyi a nyumba zitatu zogundizana ku Salt River, ntchito yaikulu kuposa zonse zomwe tagwirapo. Ndife amisiri ochokera ku Malawi. Tinayamba ndi maganyu opaka penti, lero tikukonza nyumba zakale zamumzere ku Bo-Kaap, Woodstock ndi Observatory, ndipo tikunyadira.

Nyumba zimenezi ndi chuma. Ku Bo-Kaap zina ndi za m'ma 1760, monga ija ili pa Wale Street yomwe pano ndi malo osungirako mbiri. Zambiri za ku Woodstock ndi za nthawi ya Mfumukazi Victoria, makonde ake okongoletsedwa ndi zitsulo zamaluwa. Ulemerero wake uli mumzere wonse: mmodzi akazula windo lamatabwa n'kuikapo la aluminiyamu, msewu umaoneka ngati munthu woguluka dzino lakutsogolo. Lamulo la 1999 loteteza zinthu zakale limaletsa kusintha kapena kugumula nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo, ndipo kuno chimachokera ku Heritage Western Cape, bungwe la boma loyang'anira zinthu zakale m'chigawo chino.

Mdani wamkulu wa makoma amenewa ndi simenti. Njerwa zake n'zofewa, zinamangidwa ndi dothi kapena laimu. Mukazimata simenti, chinyezi cha mvula ya June ndi July chimatsekeredwa mkati, njerwa zimafumbutuka, ndipo poti khoma ndi limodzi ndi la aneba, vuto limalowanso kwawo. Ife timayamba ndi ngalande zapadenga, kenaka timasenda simenti ndi manja, osati makina. Timasakaniza ndowa imodzi ya laimu ndi zitatu za mchenga wosefa. Pulasitala timapaka katatu: woyamba pafupifupi mamilimita 10, timamukanda kuti wachiwiri agwire, n'kudikira sabata kapena kuposerapo. Mphepo yakum'mwera chakum'mawa ikamaomba timaphimba khoma ndi masaka onyowa, chifukwa laimu akauma mofulumira amang'aluka. Pomaliza ndi njereza yamadzimadzi, kanayi kapena kasanu. Penti wapulasitiki ayi. Mawindo okweza ndi kutsitsa sititaya. Timadula powola pokha, kulumikizapo thabwa lofanana, n'kusintha zingwe zonyamula zitsulo zolemera zam'mbali.

Chovuta chachikulu chinatigwera pantchito yomweyi. Wogulitsa wina anatibweretsera laimu wokhalitsa, woti anapita kale mphepo, m'matumba ooneka atsopano. Pulasitala wa khoma lonse lakutsogolo sanagwire, ankangoyoyoka ukamukhudza ndi chala. Tinasenda yense n'kuyambiranso ndi ndalama zathu, pomwe wogulitsayo anasiya kuyankha foni. Obwereketsa ndalama nawo atangoona pasipoti ya ku Malawi anatibwezera mapepala. Akudzidziwa okha, ndipo adutse aone khomalo lero.

Tikuthokoza Mulungu. Tikuthokoza eni nyumba omwe anatidikira osadandaula, aneba omwe anapirira fumbi n'kumatipatsanso madzi, anyamata athu omwe anavomera kulandira malipiro mochedwa, akalipentala athu, amayi akunyumba omwe anasamala ana ndi kochepa, abale akumudzi, ndi gulu lathu la chipereganyu lomwe linatigulira laimu wina.

Ngati muli ndi nyumba yotere, kapena abwana anu ali nayo, ndipo penti akutukusira m'munsi mwa khoma kapena mukutuluka mchere woyera, musathamangire simenti. Tilembereni pa WhatsApp kapena patsamba lino. Kudzaona khoma n'kwaulere, mapepala a chilolezo timathandiza kukonza, ndipo nthawi yabwino yopaka laimu ndi mvula isanayambe.