Ndevu za Joker ndi ntchito yanga younika mabuku a zithunzi

M'chigawo chino cha maphunziro a kalembedwe tikuphunzira kuunika ntchito za ena. Ine ndinasankha Batman '66, mabuku a nkhani za zithunzi amene kampani ya DC Comics inatulutsa kuyambira 2013 mpaka 2016. Gwero lake ndi sewero la pa kanema wa ABC ku America, lomwe linaonetsedwa kuyambira 1966 mpaka 1968 m'magawo 120, Adam West ali Batman, Burt Ward ali Robin.

Ambiri timam'dziwa Batman wokwinya nkhope, woyenda usiku. Uyu ayi. Amathamangitsa zigawenga dzuwa likuswa mtengo, ndipo ali mkati mothamangamo amapeza mpata wolangiza Robin za kumvera malamulo a pamsewu. Ndiye buku lotere ungaliyeze ndi muyeso uti? Ukalifunsa chifukwa chake silikuopsa, walilakwira. Funso loyenera n'lakuti, kodi zimene linafuna kuchita lazichita?

Yankho ndinalipeza pankhope ya Joker, mdani wa Batman wa nkhope yopaka utoto woyera. Cesar Romero, amene ankasewera Joker pa kanema, anakana kumeta ndevu zake za pamlomo wapamwamba, choncho ankangozipaka utoto woyera, koma zinkaonekabe. M'mabukumu ojambula anazisiya ndevuzo pansi pa utoto, dala. Kanthu kakang'ono, koma kakukuuza kuti anthuwa sewero lija analionetsetsa ndipo amalikonda; sakuliseka, akuseka nalo limodzi. Jonathan Case, amene anajambula nkhani yoyamba, anawaza timadontho ta utoto n'kulola mitundu kusefukira pang'ono kunja kwa mizere, kuti tsamba lioneke lotuluka m'makina osindikizira akale. Wongoyang'ana mothamanga angati osindikiza analakwitsa.

Mlembi wake wamkulu, Jeff Parker, anagwira chinsinsi cha nthabwala zake: Batman mwiniwake sadziwa kuti akuseketsa. Amalankhula zopanda mutu nkhope ili gwa, ndipo akanangomwetulira ngakhale kamodzi kusonyeza kuti akudziwa, zonse zikanasukuluka. Apa ndi pamene ndakhalitsa kwambiri polemba, chifukwa kufotokoza chimene chikuseketsa popanda kuipha nthabwalayo ndi ntchito ndithu.

Pepala lili ndi mwayi womwe kanema analibe: kujambula ndege kapena chilombo sikulira ndalama zambiri kuposa kujambula mpando. Olemba mabukuwa anabweretsanso adani omwe m'seweromo sanaonekemo, monga Bane ndi Harley Quinn, atawavala za m'ma 1960. Mdani wina, Two-Face, naye analowa mu 2014 kudzera m'buku lapadera, lochokera pa nkhani imene mlembi Harlan Ellison anakonzera sewerolo koma sinajambulidwe pa kanema. Mlembi wina, Len Wein, ndiye anaimalizitsa.

Zofooka zilipo, ndipo ndazilemba mosabisa. Nyimbo ya sewero lija palibe, mawu a William Dozier, wofotokoza nkhani m'seweromo, ofunsa ngati Batman apulumuke palibe, ngakhalenso kapumidwe ka West pakati pa chiganizo, komwe kanali theka la nthabwala. Komanso ukawerenga nkhani zambiri motsatizana zimayamba kufanana: msampha, kupulumuka, zibakera. N'chifukwa chake m'ndime yomaliza ya ntchito yanga ndalangiza owerenga kuti azitenga nkhani imodzi patsiku, ndipo amene sanaonepo sewerolo ayambe aona magawo awiri a Frank Gorshin ali chigawenga Riddler asanatsegule buku loyamba.