Akasinja a m'nyumba zosungira katundu, ndi Pajero ya amalume

Lachinayi. Ndafika kugalaja kuno ku Biwi nthawi isanakwane 7 koloko, ndapeza kale Pajero yakale itakokedwa ndi chingwe, mwini wake ataima pambali atanyamula makiyi ngati chikho cha mpira. Akuti amalume ake amupatsa ulere. Yakhala pa miyala zaka zambiri kuseri kwa nyumba.

"Amisiri, ingofunika batire basi," watero.

Ndatsegula boneti. Makoswe adatafuna mawaya kalekale, mapaipi a rabala angouma gwa, mafuta a mu thanki asanduka phala. Ndamuuza kuti, "Achimwene, khalani pansi kaye."

Masana magetsi athima, ndiye tinangokhala pansi pa mtengo, ine ndikuwerenga nkhani pafoni. Mtima unali pa Pajero ija, n'chifukwa chake nkhani ya akasinja a Leopard 1 yandigwira chonchi. Akasinja amenewa adayamba kugwira ntchito ku West Germany mu 1965, ndipo asilikali a Germany adawasiya mu 2003. Ambiri sadaphwanyidwe. Adangoimikidwa m'nyumba zosungira katundu, ena n'kugulidwa ndi makampani. Kenako Russia idalowa mu Ukraine mu February 2022, zinthu zoiwalika zija n'kusanduka golide. Mu February 2023, Germany, Denmark ndi Netherlands adalonjeza kukonza akasinja a Leopard 1A5 osachepera 100 n'kuwapereka ku Ukraine. Ambiri, omwe kale adali a asilikali a Denmark, adali ku kampani ya FFG mumzinda wa Flensburg ku Germany.

Andale amalengeza nambala, anthu n'kuwomba m'manja. Ife a sipanala timafunsa funso lina: kodi chinthucho chilira? Kasinja ndi galimoto basi, kungoti ndi yolemera komanso ili ndi mzinga pamwamba. Rabala amauma chimodzimodzi, dzimbiri silisankha kuti uyu ndi wa boma. Ku Belgium, mumzinda wa Tournai, kudali akasinja otere 50 omwe boma lidagulitsa kale kwa kampani ina litaona kuti alibenso ntchito. Mu 2023 kampani ya ku Germany yopanga zida zankhondo ya Rheinmetall idawagula, n'kunena kuti okonzedwa n'kupita ku Ukraine adzakhala pafupifupi 30. Ndaseka ndekha. Otsalawo ndikuwadziwa ntchito yawo. Kuseri kwa galaja yathu kuli magalimoto atatu omwe timangomasulako zitsulo kuti anzawo ayende.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito wandifunsa kuti, "Abwana, nanga bwanji osangowapatsa atsopano?" Ndamuyankha kuti iwe, watsopano amatenga zaka kuti apangidwe, ndipo nkhondo siyembekeza. Komanso woperekayo amapindulako: wachotsa chimene chimamudyera ndalama zosungira, malo atseguka, iye n'kuitanitsa zamakono. Monga amalume a mwini Pajero, omwe pano kuseri kwa nyumba kwawo kwayera.

Chimene ine sindidaganizepo ndi chilolezo. Galimoto ukagula ndi yako, ungapatse aliyense. Zida zankhondo sizitero. Dziko limene lidapanga kapena kugulitsa limakhalabe ndi mawu. Kampani ya RUAG ya ku Switzerland idali ndi akasinja a Leopard 1 okwana 96 ataimikidwa ku Italy, koma mu June 2023 boma la Switzerland lidakana kuti agulitsidwe n'cholinga choti akathere ku Ukraine, ponena kuti dziko lawo sililowerera nkhondo za ena. Australia nayo italonjeza akasinja ake akale a Abrams 49, opangidwa ku America, mu October 2024, idayenera kudikira kuti America ivomereze. Ndiye pali zipolopolo. Mzinga wa Leopard 1 ndi wa 105mm pomwe wa Leopard 2, kasinja watsopanoko, ndi wa 120mm, choncho za uyu sizilowa mwa uyo. Zandikumbutsa makasitomala amene amabwera ndi sipeya ya galimoto ina n'kumati, "Ingokakamizani, ilowa."

Sindikunena kuti mphatso zoterezi n'zachabe, ayi. Munthu amene nyumba yake ikupsa sasankha chidebe. Koma ndikadakhala ine wolandira, ndikadapempha kuti pamodzi ndi kasinja aliyense pabwere bokosi la masipeya, buku lake, ndi mdala mmodzi amene adagwirapo injini imeneyo ali mnyamata. Anthu oterowo ndiwo akusowa kwambiri, poti ambiri adapuma kale pantchito.

Magetsi ayaka cha m'ma 3 koloko. Tatsuka thanki, tasintha mawaya awiri, tabwereka batire ya minibasi. Pajero yatsokomola kawiri, yatulutsa utsi wakuda bii, kenako zii. Ndalemba mndandanda wa zofunika kugula, wadzaza tsamba lonse la kope. Mwini wake wauwerenga mpaka pansi, wapukusa mutu, n'kunena kuti akawaimbira amalumewo madzulo ano, mwina akadali ndi zitsulo zina m'chipinda. Makiyi wasiya.