Khadi lokhwima la mapaundi 5

Mu 2016 ndinkakhala ku Harlesden, mumzinda wa London, m'kanyumba komwe tinkagawana lendi ndi mnyamata wina wa ku Morocco. Ine ndinkasamalira okalamba, iye ankaphika m'kalesitilanti ka mu Golborne Road, msewu womwe ukangolowamo umalandiridwa ndi fungo la nsomba zootcha ndi tiyi wa minti. Kwawo kunali ku Larache, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumwera kwa Tangier, komwenso kunachokera mabanja ambiri a m'dera limenelo m'zaka za m'ma 1960. Ndinamuphunzitsa kunditchula kuti achimwene, ine n'kumamutchula khoya, lomwe ndi liwu lomwelo m'chilankhulo chakwawo.

Chaka chimenecho khoya anauma mutu. Mu Januwale, ku Morocco anatseka kuimba foni kudzera pa WhatsApp, Skype ndi Viber, ati mapulogalamuwa analibe chiphaso choimbitsira anthu. Anayamba ndi intaneti ya m'mafoni, pasanapite nthawi ya m'nyumba nayo inatsatira. Uthenga wolemba unkadutsa, mawu ojambula ankadutsa, koma zoti mumvane pompopompo ayi. Achinyamata anathawira ku VPN, pulogalamu yozembera chiletso chotere pa intaneti. Mdzukulu wina anawaikira mayi a khoya VPN yomweyo, iwo anadina penapake tsiku lomwelo n'kuizimitsa. Za mawu ojambula anakaniratu, ati sanabereke mwana kuti azimumvera ngati wailesi. Ndiye khoya ankangothira mayunitsi, kuimba pafoni ya m'manja ya mayi ake, moni asanathe foni thii.

Apa m'pamene ndinadzutsa mapewa. Ine ndinakulira m'dziko la kufulasha, komwe foni ikalira kamodzi n'kuduka umadziwa kuti mlongo wako wafika bwino ku Limbe, ikalira kawiri ndiye kuti tumiza ndalama. Munthu wa sukulu imeneyi angaone mnzake akuwotcha mapaundi n'kukhala chete?

Ndinamukhazika pansi. Ndinati khoya, kulakwa kwako koyamba n'kuimba pa nambala yoyamba ndi 06. Imeneyo ndi ya m'manja, ndipo kuchokera kunja imadula kwambiri. Kodi kwanu kulibe foni ya m'nyumba, yoyamba ndi 05? Anati ilipo, ili pabalaza pa kathebulo kake, yofunditsidwa kansalu. Ndinati basi, tapulumuka. Tinapita pa kashopu ka pakona n'kugula khadi loimbira kunja la mapaundi 5, lokanda ndi kobiri ngati mayunitsi akwathu. Ndinamufotokozera kagwiridwe kake ngati ndine ndinalipanga: umaimba kaye nambala ya London, kenako manambala achinsinsi a pakhadipo, kenako 00212, n'kusiya ziro woyamba wa nambala ya kwanu. Ndinamuchenjezanso kuti makhadi amenewa amadula kandalama nthawi iliyonse mukangolumikizana, choncho wanzeru saimba kakhumi pang'onopang'ono. Amaimba kamodzi, motalika.

Mawu omalizawa ndimawakumbukirabe usiku.

Foni ya khoya inali yothira mayunitsi, ndiye ngakhale nambala ya London ikanamudyera ndalama. Yanga inali ya kontirakiti, yoimba m'dziko momwemo mopanda malire. Ndinati tizigwiritsa ntchito yanga. Ndipo poti ndine katswiri, sindinafune zoti tizidina manambala makumi atatu Lachisanu lililonse. Ndinasunga dzina loti Larache. Poyamba ndinalemba nambala yeniyeni, +212 539 ndi zotsatira zake, kuti isasowe. Pansi pake ndinalemba mndandanda wonse wa khadi, ndi timakoma tija touza foni kuti idikire kaye pang'ono. Manambala awiri, dzina limodzi. Ndinadziyang'ana pagalasi n'kudzipatsa ulemu.

Lachisanu loyamba tinadikira kuti kwawoko amalize kudya couscous ya pambuyo pa mapemphero. Ndinadina Larache. Foni inangolira kawiri, mayi n'kuyankha, mawu ali mbee ngati ali kukhitchini kwathu. Khoya anandiyang'ana n'kufunsa kuti nanga mzimayi wachingerezi uja, wonena kuti mwatsala ndi mphindi zakutizakuti, wapita kuti?

"Ameneyo ndamulambalala," ndinatero.

Amalawi timadzitama kuti timadziwa kupereka moni. Mwadzuka bwanji, kaya inu, nanga ana, nanga kumudzi. Abale anga, ife ndi ana a mkaka. Kumeneko munthu amati labas, wina labas hamdullah, woyamba uja labas kachiwiri, kufunsa za thanzi, za ntchito, za nyengo, n'kubwereranso pa labas ngati sanafunse. Akatha mayi amabwera azakhali. Akatha azakhali amabwera agogo, omwe samva bwino, ndiye zonse zimanenedwa kawiri. Kenako mayi anafunsa za mwini foni. Khoya anandinong'oneza zoti ndinene, ine n'kuti, "Labas, khalti," kutanthauza kuti muli bwanji azakhali. Kuseka kwake kunamveka mpaka pamsewu. Anaitana azakhali kuti ndibwereze. Anaitana agogo. Anatuma mwana kukaitana mayi a nyumba yoyandikana nayo, ife tikudikira pamzere, kuti nawonso adzamve Mmalawi akulankhula Chiarabu. Ndinabwereza kasanu ndi kamodzi, mokondwa, mwaulere monga ndinkaganizira.

Tinatha ola ndi theka. Khadi silinathe.

Lachisanu lachiwiri, maola awiri. Khadi lili nganganga. Khoya anayamba kuchita mantha, ati mwina tikuba. Ndinamuuza kuti zinthu zina zimangofuna mutu, ndipo mumtima ndinayamba kukhulupirira kuti tagula khadi lokhwima, lija limapezeka kamodzi pa moyo wa munthu. Sindinafune n'komwe kufunsa ndalama zotsala. Mphika ukamawira bwino suvundukulidwavundukulidwa.

Mbiri inafika ku Golborne Road. Lolemba pa 12 Seputembala linali tsiku la Eid ya nkhosa, ndipo madzulo a dzulo lake khoya anabwera ndi anzake awiri, wina wa ku Nador, wina wa ku Casablanca, atanyamula makeke a amondi ndi ulemu waukulu. Anandigwira chanza n'kuika dzanja pamtima. Ndinawasungira manambala awo mwa njira yanga yomwe ija, yeniyeni pamwamba, ya khadi pansi. Wa ku Nador analankhula Chirifi, chilankhulo chakwawo, ndi mudzi wonse. Koma amene sindidzamuiwala ndi wa ku Casablanca. Kwawo anali atagula nkhosa, ili pakhonde la nyumba yosanja kudikira mawa, ndipo bambo ake anafuna kuti mwana wawo aimve kulira kuti adziwe kukula kwake. Anatenga foni kupita nayo pakhondepo. Nkhosa inakana kulira. Anainyengerera. Anaikoka khutu. Ife anthu anayi akuluakulu tili zii pabalaza ku Harlesden, makutu ali pafoni, kumvetsera nkhosa ikupuma ku Casablanca. Patatha mphindi ngati khumi inati mee kamodzi, mofooka, tonse n'kuwomba m'manja. Ine ndi amene ndinawomba kwambiri.

Kumayambiriro kwa Okutobala ndinapita kukagula ufa ndi nyemba. Makina anakana khadi langa la kubanki. Ndinalipukuta pa malaya, anakananso. Nditayang'ana mu akaunti ndinapeza kuti kampani ya foni yatenga zake, ndipo zakezo zinali zoposa lendi yanga ya mwezi. Ndinawaimbira nditakwiya kale, mawu a Chingerezi nditawakonzeratu m'basi. Mayi amene anayankha anandimvetsera mofatsa, kenako anafunsa ngati ndikudziwa munthu aliyense ku Morocco. Ndinatsala pang'ono kukana ngati Petulo. Anayamba kundiwerengera: Lachisanu lakuti, mphindi zakuti; Lachisanu linalo, mphindi zakuti; pa 11 Seputembala, manambala atatu. Zonse zinaimbidwa mwachindunji, pa mtengo wa kontirakiti, womwe ndi mtengo woimbira munthu amene nyumba yake ikupsa.

Foni ikapeza manambala awiri pa dzina limodzi, yanga ija inkangotenga yapamwamba. Mzimayi wachingerezi uja sindinamulambalale. Sitinafike n'komwe pakhomo pake. Nditakhala pa sitepe ya shopu ndinatulutsa khadi lija m'chikwama, n'kudina manambala onse ndi chala, mmodzimmodzi. Anayankha mwaulemu wake wonse kuti ndili ndi mapaundi 5.

Khoya nditamuuza anayamba wagwira pakamwa, kenako anakhala pansi, kenako anagona chagada pakapeti misozi ili mbwembwembwe. Atapeza mpweya anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye nkhosa ija inatidyera zingati?" Tinawerengera. Kupuma kwake kokha kukanagula nkhuku ziwiri. Koma ndisanamize, anyamatawa ndi anthu. Anasonkherana n'kundibwezera gawo lalikulu, ngakhale wa ku Casablanca popereka zake anandipempha kuti ndimusonyezenso njira yolambalalira ija. Mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kanthu. Mayi anga anafulasha kawiri, mawa lake kawiri, tsiku lachitatu katatu, chizindikiro chomwe sitinagwirizanepo koma ndinachimva bwinobwino.

Kumayambiriro kwa Novembala, patatsala masiku ochepa kuti msonkhano waukulu wa zanyengo wa COP22 uyambe ku Marrakech, mafoni a pa intaneti anatsegulidwanso. Khoya anaimba pa vidiyo, osalipira ngakhale kobiri, ndipo khalti, mayi ake aja, anandiona nkhope koyamba. Anati ndine woonda, mwana wawo sakundidyetsa. Za bilu anali atamva kale, Larache yense anali atamva. Patapita milungu ingapo msuweni wina anabwera ndi kaphukusi kanga: nsapato zachikopa zachikasu, zosongoka kutsogolo, zomwe amazitcha belgha. Saizi anaiyeza ndi maso pa vidiyo paja. Ndikavala, chidendene chonse chimatsalira pansi, ndipo ndimayenda nazo m'nyumba ngati bakha. Khoya akangomva phwa phwa phwa m'khonde amakuwa ali kuchipinda kuti katswiri wadzuka.