Jumbo ya mankhwala patebulo: sabata imodzi yofufuza hepatitis C

Lolemba kwathu ndi tsiku la odwala shuga ndi BP. Pofika 7 koloko mabenchi amakhala atadzaza kale, aliyense kabuku ka kuchipatala m'manja, ambiri asanalawe kanthu podikira kubayidwa chala. Ine ndine clinical officer, ndipo ntchito yanga ndi ya matenda amgonagona, aja oti tikamupatsa munthu mankhwala timamuuza kuti awa ndi a moyo wonse.

M'mawa umenewo kunalowa bambo wina wa zaka 61, mkulu wa mpingo, yemwe wakhala akumwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Dandaulo lawo silisintha: kutopa. Ulendo uliwonse timangoti ndi shugayo. Tsikuli ndinabwerera m'mbuyo m'kabuku kawo, masamba ena atachita kumatana, ndipo ndinapeza kuti kalelo wina anawayeza magazi, napeza ma platelet otsika ndi AST yokwera, zomwe zimatha kusonyeza vuto la chiwindi, n'kulemba m'munsi kuti achepetse mowa. Nditawawerengera, anaweramitsa mutu.

"Adokotala, ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Mawu amenewo anandipweteka, koma ndinangoti akuchipatala ndiwo adziwa."

"Bambo, munathiridwapo magazi?"

Anaganiza kaye, kenako anakweza mwendo wa buluku n'kundionetsa chipsera chachitali pa msongolo. Mu 1987 lole yomwe anakwera inagubuduzika, ndipo anawathira mabotolo awiri. Mtima wanga unagunda pamenepo. Kachilombo ka hepatitis C, komwe kamafala kudzera m'magazi n'kuwononga chiwindi, kanadziwika mu 1989. Nthawi imene ankathiridwa magaziwo, panalibe chipatala chilichonse padziko chomwe chikanatha kukayeza. Lero a Malawi Blood Transfusion Service amayeza magazi asanawatumize m'zipatala, koma anthu omwe anathiridwa kalelo adakali nafe, akukalamba, ndipo tikuwaona mwezi ndi mwezi pa mzere wa shuga osawafunsa funso limodzi lomweli.

Kachida koyezera mwachangu kanatulutsa mizere iwiri. Apa pamafunika kufatsa, chifukwa anthu athu anazolowera za HIV, kuti mizere iwiri ndiye kuti kachilombo kalimo basi. Kwa hepatitis C sizili choncho. Mizereyo ili ngati mapazi a fisi pa bwalo: akusonyeza kuti anadutsa, koma sakunena ngati akadali m'khola. Anthu pafupifupi atatu mwa khumi alionse thupi lawo limathana nako lokha m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Ndinawauza kuti pakufunika kuyeza kwachiwiri, kowerenga kachilombo kenikeniko, monga viral load ija amaimva kwa anzawo a ma ARV.

Lachiwiri linathera ku labu. Makina a GeneXpert omwe timayezera makhololo a TB amathanso kuyeza hepatitis C, koma amafuna katiriji yakeyake, ndipo ife tilibe. Magazi a bambowo tinawalongedza m'bokosi lozizira, kudikira galimoto yopita ku chipatala chachikulu. Podikira zotsatira ndinachita zomwe ndingathe: kuwerengera APRI pa foni, pogwiritsa ntchito AST ndi ma platelet, kuti ndione ngati chiwindi chayamba kuuma. Nambala yake sinandisangalatse. Ndinawayezanso hepatitis B, chifukwa munthu akakhala ndi tizilombo tonse tiwiri, n'kuyamba kuchiza C yekha, B yemwe anali phee amatha kudzuka mwaukali n'kuwononga chiwindi. Mwamwayi analibe.

Tsiku lomwe silikuchoka m'mutu mwanga ndi Lachitatu. Kunabwera mayi wa zaka za m'ma 40, wodwala khunyu kuyambira ali mwana. Zotsatira zake zinali zitabwera sabata yatha: kachilombo kalimo. M'mbali mwa mutu ndi pachifuwa ali ndi mphini zambirimbiri, zomwe makolo ake anamutemetsa pofunafuna machiritso. Sindiwaweruza makolowo, ankafuna mwana wawo achire, koma lezala limodzi likayenda pa anthu angapo limasamutsa magazi. Anabwera ndi mng'ono wake, yemwe anafulumira kundiuza kuti achimwene awo a ku Johannesburg atumiza ndalama, mankhwalawo agulidwe lero lomwe, popeza ku famase kwathu sapezeka.

"Mayi, takhuthulani kaye jumboyo patebulo pano."

Munatuluka timapepala ta carbamazepine wa khunyu, omeprazole wogula ku golosale chifukwa cha chilungulira, panado, ndi kabotolo ka mizu yonyika. Ndinatola carbamazepine uja n'kuwafotokozera kuti mankhwala amenewa amachititsa thupi kutaya msanga mankhwala a hepatitis C asanagwire ntchito. Atati ayambe mankhwalawo, sofosbuvir ndi daclatasvir, lero, ndalama za achimwene zipita m'madzi, kachilombo kakhalabe. Phenobarbitone ndi phenytoin, mankhwala ena a khunyu omwe ndi amene timakhala nawo kawirikawiri, vuto lake ndi lomwelo. Rifampicin wa TB chimodzimodzi, n'chifukwa chake wodwala TB timamudikira amalize miyezi yake isanu ndi umodzi. Ngakhale omeprazole amachepetsa mphamvu ya mankhwala ena a hepatitis C monga velpatasvir.

"Ndiye asiye a khunyuwo kwa miyezi itatu," anatero mng'ono wake.

Mayiyo sanayankhe. Anangotembenuza dzanja lake lamanja, pomwe khungu linakwinyika kuchokera pa chigongono mpaka ku zala. Anagwera pamoto akuphika phala, chaka china mankhwala atamuthera. Palibe amene anabwerezanso mawu osiya aja.

Tinagwirizana kuti tisathamange. Hepatitis C imadya chiwindi pang'onopang'ono, kwa zaka makumi awiri kapena atatu, pomwe khunyu limatha kupha munthu madzulo amodzi pa chitsime. Ndinaimbira dokotala wa ku chipatala chachikulu, ndipo tinapangana zomusamutsa pang'onopang'ono kupita ku levetiracetam, mankhwala a khunyu omwe salimbana ndi mankhwala a chiwindiwo, kenako tidikire masabata angapo tisanayambe. Mng'ono uja anatuluka nkhope itagwa, ndipo ndikumumvetsa. Kumuuza munthu yemwe wapeza ndalama movutikira kuti dikirani si chinthu chapafupi.

Masana ake mnyamata wina wophunzira ntchito anandifunsa chifukwa chomwe ndimalimbikira za matendawa, pamene kuno hepatitis B ndiye wochuluka kwambiri. Akunena zoona, ndipo B timamusaka tsiku lililonse. Koma ndinamuuza za dziko la Egypt, komwe hepatitis C inafala kudzera m'majakisoni ochizira likodzo, omwe ankabaya midzi yathunthu ndi masingano osaphitsidwa bwino mpaka m'zaka za m'ma 1980. Anali achipatala ngati ife, akuchita zabwino, ndipo anthu mamiliyoni anatenga kachilombo. Mu 2018 dzikolo linayamba kuyeza anthu ake mwaunyinji, pamodzi ndi shuga ndi BP pa tebulo lomwelo, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linalitchula kukhala dziko loyamba kufika pa mulingo wa golide panjira yothetsa matendawa. Padziko lonse anthu pafupifupi 50 miliyoni akukhala ndi kachilomboka, ambiri osadziwa, ndipo katemera wake kulibe. Chomwe chinandigwira mtima ine n'choti anayeza zonse pamodzi. Wodwala wathu ndi mmodzi, koma timamugawa: Lolemba ndi wa shuga, Lachinayi ndi wa ma ARV, ndipo chiwindi chake chilibe tsiku.

Lachinayi kunali mpanipani wa ku ART, kolandirira ma ARV. Ndinayeza anthu asanu ndi anayi omwe mbiri yawo inandikayikitsa, onse anapezeka alibe. Ubwino wake, chiyambire ma ARV a TLD mu 2019, dolutegravir yemwe ali m'menemo sakangana ndi mankhwala a hepatitis C monga ankachitira efavirenz wa m'ma ARV akale.

Lachisanu kunabwera agogo ena aakazi omwe ndayenda nawo ulendo wonse. Ali pa ma ARV, alinso ndi shuga. Anamwa mankhwala a hepatitis C kamodzi patsiku kwa masabata 12, ana awo atasonkherana. Pakati pa ulendowo anandiopsa: m'mawa wina anakomoka kumunda, thukuta lili kamukamu. Chiwindi chikayamba kupeza bwino, shuga amatha kutsika, ndipo glibenclamide wa shuga yemwe ankawakwanira kale anasanduka wochuluka. Ndinali nditawachenjeza, koma ndinachedwa kuchepetsa mlingo, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Kuyambira pamenepo aliyense wa shuga yemwe wayamba mankhwalawa ndimamuitana pakatha masabata awiri.

Tinadikira masabata ena 12 atamaliza, kenako tinayezanso. Pepala linabwera Lachinayi madzulo: kachilombo sikakupezeka. Mankhwala amasiku anowa amachiza anthu oposa 95 mwa 100 alionse, ndimadziwa, koma kuona pepala la munthu yemwe ukumudziwa n'kwina.

"Agogo, matenda a chiwindi aja atha."

"Chabwino mwanangu. Ndiye enawo ndidzatenge liti?"

"Palibenso ena. Mwachira."

Anandiyang'anitsitsa. Zaka zonsezi achipatala takhala tikuwauza kuti musadumphitse, musasiye, awa ndi a moyo wonse. Anafunsanso kachiwiri, ndipo mdzukulu wawo anachita kuwabwerezera pafupi ndi khutu. Atamvetsa anawomba m'manja katatu, mwakachetechete, monga amachitira pothokoza mfumu.

Ndinawakumbutsa kuti kuchira sikutchinjiriza: lezala kapena singano yobwerekana ikhoza kuwapatsanso kachilomboka. Ndinawauzanso kuti kachida koyezera mwachangu kazionetsabe mizere iwiri mwina moyo wawo wonse, choncho wina asadzawaopseze nako, ndipo ndinalemba zimenezi ndi zilembo zikuluzikulu pa tsamba loyamba la kabuku kawo. Popeza chiwindi chawo chinali chitauma kale, azibwerabe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kudzaunikidwa, chifukwa chiopsezo cha khansa sichitheratu.

Atatuluka ndinaimba foni ku labu ya chipatala chachikulu kufunsa za magazi a mkulu wa mpingo uja. Anati afika, ali pa mzere. Ndalemba dzina lawo pa kalendala ya pakhoma, Lolemba la sabata ya mawa, ndi mawu oti abwere ndi mayi akunyumba kuti nawonso tiwayeze.