Nyundo ya Mahler

Anzanga, amene simunamvepo chigawo chomaliza cha Simfoni (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida zoimbira) nambala 6 ya Gustav Mahler, wopeka nyimbo wa ku Austria, ija ena amaitchula kuti Tragic, kutanthauza yatsoka, chonde pezani mpata. Chigawo chimenechi pachokha chimatenga mphindi pafupifupi 30, ndiye ngati bando yanu ndi yochepa dawunilodani usiku mudzamvere mawa, koma osati pa sipika ya foni mwandi, valani mahedifoni, makamaka ife okhala chakuno ku Kapata komwe phokoso la minibasi ndi njinga zamoto silitha.

Mu nyimboyi muli nyundo. Eya, nyundo yeniyeni, chimtengo chachikulu choti munthu anyamule ndi manja awiri, ndipo amamenya pa chibokosi chamatabwa. Mahler analemba yekha kuti kulira kwake kukhale kwamphamvu koma kosakhalitsa, kusamveke ngati chitsulo, kumveke ngati nkhwangwa ikamagwa pamtengo. Mukaonera pa YouTube mumuona bambo uja kumbuyo kwa oimba onse akuimirira pang'onopang'ono, kukweza chinyundo chija m'mwamba n'kudikira, pamene anzake a mavayolini ali kalikiliki ngati sakudziwa chimene chikubwera.

Manje chimene chimandipweteka mtima ndi nthawi imene nyundoyo imagwa. Sigwa pamene nyimbo ili yachisoni kale ayi. Imadikira mavayolini akwere, malipenga atseguke, iwe womvera uyambe kukhulupirira kuti basi apa munthu wapulumuka, ndiye phuu! Zonse kumwazika. Koma nyimbo siigonja, imatolera mphamvu, kuyambanso kuguba, kukweranso mpaka waiwala zija, kenako nyundo yachiwiri. Ine apa ndi pamene ndimaona kuti Mahler sananame za moyo, pakuti tsoka nthawi zambiri limapeza munthu ataimirira bwinobwino.

Pakatikati pamamveka mabelu a ng'ombe chapatali. Mahler ankaganiza za mapiri, koma ine ndikawamva ndimangoona ng'ombe zikubwerera kukhola madzulo chaku Mtenguleni, fumbi lili koboo. Mtendere wake ndi wa kanthawi chabe.

Chodabwitsa n'chakuti Mahler analemba nyimboyi mu 1903 ndi 1904 ku Maiernigg, m'mbali mwa nyanja ya Wörthersee, zinthu zikumuyendera bwino: anali atakwatira Alma mu 1902, ana aakazi awiri atabadwa, ntchito ili bwino ku Vienna. Anaitsogolera yekha koyamba ku Essen, ku Germany, mu May 1906. Chaka chotsatira, 1907, mwana wake woyamba Maria anamwalira ali ndi zaka zinayi, madokotala anamupeza ndi matenda a mtima, komanso anasiya ntchito ku opera ya ku Vienna. Alma anadzalemba pambuyo pake kuti nyundo zitatu zinalosera zimenezi. Ine za ulosizo sindizitengera kwenikweni, nyimboyi ndi yolemera kale popanda kuikometsera.

Mwamva ndati zitatu pamene poyamba ndatchula ziwiri. Nkhani yake ndi yakuti poyamba nyundo zinali zitatu, koma itaimbidwa ku Essen Mahler anachotsa yachitatu, ndipo mpaka lero otsogolera oimba sagwirizana. Leonard Bernstein, wotsogolera oimba wa ku America, ankaibwezeretsa, ena ambiri amatsata zimene mwini wake anasiya. Ine ndili kumbali ya ziwiri ndipo sindisuntha. Malo a yachitatu alipobe, umawamva akufika, thupi lonse limakonzeka, koma nyundo osagwa, nyimbo imangofooka yokha chifukwa palibenso chotsala choti umenye. Zikatero malipenga a mawu otsika, matromboni ndi tuba, amayamba kuimba motsitsa ngati azibambo pa maliro usiku, mawu kumatsika mpaka uganiza zatha, ndiye mwadzidzidzi gulu lonse limaphulika kamodzi pa mawu amdima otchedwa A minor ng'oma zikugunda. Kuyambira chigawo choyamba pamakhala kachizindikiro kena, mawu owala a A major amene amasanduka A minor pomwepo, koma apa pomaliza owalawo kulibe n'komwe. Ndiye musayerekeze kukweza voliyumu pa matromboni paja poganiza kuti foni yavuta, kuphulikako kukugonthetsani makutu, ndipo mukaikapo nyundo yachitatu patsogolo pake mphamvu yake imachepa. Amene mumakonda za Bernstein bwerani tikambirane, koma muyambe mwamvera zonse ziwiri.