Lachitatu: mkute wa ku Hollywood ndi filimu imene anafuna kuikwirira

M'mawa uno m'minibasi bandulo yanga yathera pa kakanema kotsatsa Moana watsopano, wa anthu enieni uja, amene atuluke mu Julaye 2026. Mtima wandiwawa. Filimu yoyamba, yojambula pa kompyuta, inatuluka mu 2016, yachiwiri mu 2024. Mwana amene anaonera yoyambayo ali ku mkaka sanafike n'komwe pa Fomu 4, koma a Disney akuti tilipirenso nkhani yomweyo, Dwayne Johnson atavala wigi kuti afanane ndi Maui. Umenewu ndi mkute, angoutenthetsa n'kusintha mbale. Chowalimbitsa mtima n'chodziwika: Lilo & Stitch, imene anaipanganso mwanjira yomweyi mu 2025, inadutsa madola biliyoni imodzi.

Masana pa chiwaya tinakokana ndi mnzanga wa kuntchito. Iye akungowerenga miyezi kuti Disembala 2026 afike, aonere Avengers: Doomsday.

"Achimwene, Robert Downey Jr. wabwerera, mukufunanso chiyani?"

Ndinamuyankha kuti munthu ameneyu tinamulira kale mu 2019 pamene Iron Man, amene iye ankasewera, anafa, anthu akuluakulu misozi ili mbwembwembwe. Lero a Marvel akumubweza ngati Doctor Doom chifukwa mafilimu awo angapo sanayende malonda, ndipo akuthamangira nkhope imene akudziwa kuti imadzaza holo. Sitinamvane. Tinabwerera ku ofesi aliyense atagwira pake.

Koma imene yandigoneka mochedwa ndi ya Coyote vs. Acme. Nkhani yake ndi yokoma kale: nkhandwe ija ya m'makatuni, imene imathamangitsa mbalame yaliwiro koma osaigwira, yatopa ndi misampha yophulikira mwini wake, ndiye ikusumira kukhoti kampani ya Acme yomwe imaigulitsa zipangizozo. Will Forte ndi loya wa nkhandwe, John Cena ndi loya wa kampani. Filimu inajambulidwa, inatha, yongofunika kuonetsa. Mu Novembala 2023 a Warner Bros. anangoti sitiitulutsa.

Njira yake ndi iyi. Kutulutsa filimu kumadyanso ndalama zambiri zotsatsira. Akuluakulu akakayika kuti mwina sizibwerera, amailemba m'mabuku ngati chuma chotayika, ndipo msonkho umene kampani imapereka ku boma umatsika. Pa pepala zimaoneka zanzeru. Koma ganizirani wojambula amene anakhala miyezi akukonza kuti khutu la nkhandwe ligwedezeke bwino pa kamphindi kamodzi, wosoka zovala, wonyamula nyale, woimba nyimbo. Ntchito yotsatira amaipeza poonetsa imene anagwira kale. Mukaitsekera m'kabati, mwamulanda zaka zake ndi umboni wake womwe. Kumeneko ndi kupanda chisoni, ngakhale malamulo atakuloleza.

Sikanali koyamba. Mu Ogasiti 2022 kampani yomweyi ya Warner Bros. inakwirira Batgirl, imene inajambulidwa ku Glasgow ndipo inadya madola pafupifupi 90 miliyoni. Otsogolera ake, Adil El Arbi ndi Bilall Fallah, uthenga unawapeza ali ku Morocco, ku ukwati wa El Arbi. Munthu pa nthawi yake yachisangalalo kumva zoti ntchito yake yonse palibe adzaione! Leslie Grace, wosewera ngati Batgirl, amene ikanakhala filimu yomukweza, mpaka lero anthu amangoona zithunzi zake atavala chovala chija.

Nkhandwe yokha ndiyo yapulumuka. Anthu a m'ntchitoyi anakwiya poyera, mkokomo unakula, kampaniyo inalola kuti ena aigule. Zinatenga nthawi, koma mu Malichi 2025 kampani yaing'ono ya Ketchup Entertainment inaigula, ndipo ituluka pa 28 Ogasiti 2026.

N'chifukwa chake ndimamuwombera m'manja wotsogolera mafilimu Ryan Coogler. Popanga Sinners, nkhani yake yatsopano ya mapasa a ku Mississippi mu 1932, anagwirizana ndi Warner Bros. yomweyo kuti pakatha zaka 25 umwini wa filimuyo ubwerere kwa iye. Anthu anakhamukira kukaonera, ngakhale kuti sinali gawo lachiwiri la china chilichonse.

Ndamutumizira mnzanga uja nkhani ya nkhandwe pa WhatsApp ndisanazimitse foni. Ndamuuza kuti ya Doctor Doom akaonere yekha adzandifotokozere, koma Coyote vs. Acme ikangofika poti ndingaionere molipira, ndilipira, ndipo tikiti yake ndimugulira ndine.