Mfumukazi yaulere

Kwathu ku Chilomoni, mukafunsa za bawo pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa chigayo, dzina langa amalitchula mwaulemu. Draft ya zitsekerero za mabotolo ndiye osanena, ndinadyapo anthu mpaka ena anasiya kundipatsa moni. Choncho tsiku limene Tadala, mwana wa achemwali anga, anatulutsa bolodi la chess m'chikwama chake, ine ndinangoona zidole. Kamtsikana ka Fomu 1, zaka 13, kobwera ku holide.

"Amalume, mumatha?"

Funso lotere, kumufunsa munthu wamkulu pamaso pa mkazi wake ndi mlamu wake, ndi kuputa dala. Ndinati ndimatha, ndipo sindinaname kwenikweni. Ndinkadziwa kuti hatchi imadumpha ngati chilembo cha L, bishopu amadutsa m'makona, mfumukazi imapita kulikonse kumene yafuna. Alamu anayesa kundichenjeza kuti mwanayu amasewera m'mipikisano ya CHESSAM, bungwe loyendetsa chess m'Malawi muno, ine ndinkaganiza kuti ndi dzina la kalabu ya kusukulu. Ndinawonjeza ndekha, popanda wondikakamiza, kuti wogonja atsuka mbale za nkhomaliro. Tsiku limenelo tinadya chambo, mbale zake mukuzidziwa.

Tinakhala pakhonde. Iye anatenga zoyera, ine zakuda. Anatulutsanso kope ndi cholembera, n'kumalemba kusuntha kulikonse. Ndinamuseka kuti akulemba maminitsi a msonkhano.

Anakankha pawn, kamsilikali kakang'ono, ya kutsogolo kwa mfumu kufika pa kabokosi kotchedwa e4, ine ndinatengera pa e5. Anatulutsa hatchi pa f3, ine ndinachirikiza pawn yanga ndi inzake pa d6. Bishopu wake anabwera pa c4. Apa ndi pamene nzeru zinandibwerera. Ndinatumiza bishopu wanga pa g4, n'kuyang'anizana ndi hatchi yake, kuseri kwa hatchiyo kuli mfumukazi. Ikangosuntha, mfumukazi yapita. Ndinatsamira pampando, ndinapempha madzi akumwa. Iye anatulutsa hatchi yachiwiri pa c3, ngati sakuona kanthu. Ine, posowa chochita chachangu, ndinakankha pawn pa g6, ati kumutsegulira zenera bishopu wanga winayo.

Kenako mwana uja anagwira hatchi yomwe ija, yomangidwayo, n'kudya nayo pawn yanga pa e5.

Abale, mfumukazi ili poyera, mbee, popanda woiteteza kwa bishopu wanga. Mtima unagunda. Ndinamuyang'ana kumaso, iye ali phee, akulemba m'kope. Chisoni chinandigwira pang'ono, koma pang'ono pokha. Muyenera kumvetsa kumene ndachokera: pa bawo, ukapeza podya umadya, lamulo limatero. Pa draft ukasiya kudya, anzako amakulanda chitsekerero chako. Zaka 30 dzanja langa laphunzira chinthu chimodzi. Lisanafunse n'komwe kumutu, linali litanyamula kale mfumukazi ija.

Sindinangoidya mwakachetechete ayi. Ndinaikweza m'mwamba kuti mayi a kunyumba aione ali kukhitchini. Ndinati, "Mwanawe, chess si masamu a kusukulu." Ndinaiika m'thumba la malaya.

"Check, amalume."

Bishopu wake wadya pawn pa f7, wagundana ndi mfumu yanga mphuno ndi mphuno. Ndinafuna kumudya ndi mfumu, Tadala analoza hatchi ya pa e5 ndi cholembera: watetezedwa. Malo othawira anali amodzi okha, e7. Ndinasuntha. Hatchi ina ija, imene ndinaiwala kuti inatuluka, inadumphira pa d5.

"Checkmate, amalume. Pepani."

Pepaniyo ndi amene anandipweteka. Ndinayamba kuyendetsa mfumu ndi chala ngati munthu wofuna khomo mumdima. Uku hatchi, uku bishopu, uku hatchi inzake. Kumbuyo, mfumukazi yanga yomwe ndi bishopu wanga yemwe atseka njira, ali chilili pamalo pamene ndinawaika poyamba. Masewera onse, kusuntha 7. Madzi ndinapempha aja anafika zonse zitatha.

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Atapeza mpweya anati chikomekome cha mkuyu, osamaliza n'komwe, n'kuyambiranso kuseka. Ine ndinayesa kukadandaula. Ndinawerengetsa monga amawerengera eni ake: mfumukazi ndi mapointi 9, iye wadya ma pawn awiri okha, mapointi 2. Ndiye kuti ndikutsogola ndi 7. Tadala anavomera kuti masamuwo ndi olondola, n'kundipempha kuti ndibweze mfumukazi yake m'thumba.

Mbale ndinatsuka. Izo tisakambe.

Chimene chinandimaliza chinabwera madzulo. Anabwereka foni ya bambo ake, anatsegula pulogalamu ya chess yotchedwa Lichess, n'kulowetsa zonse zinali m'kope muja. Muli chinjini chotchedwa Stockfish chimene chimaunika kusuntha kulikonse, chopanda ulemu kwa akulu. Pamene ndinadya mfumukazi paja chinaikapo zizindikiro ziwiri zofunsa, ??, zofiira. Chimodzi sichinakwane. Pambali chinalemba #2, kutanthauza kuti kuyambira nthawi imene ndinkaonetsa mfumukazi kukhitchini, ndinali nditatsala ndi kusuntha kuwiri kokha. Ndinkavina pamaliro anga omwe.

Tadala anandifotokozera modekha, ngati namwino. Choyamba, hatchi ija sinali yomangidwa monga ndinkaganizira. Chidole chimaletsedwa kusuntha pokhapokha kuseri kwake kuli mfumu. Kukakhala mfumukazi, mwini wake akhoza kuisiya ngati waona chokoma choposa. Chachiwiri, zenera langa lija la g6 silinathandize aliyense. Ndikanatulutsa hatchi pa c6, msampha wonse ukanafa, chifukwa iye akanadya pa e5, hatchi yanga ikanamudya pomwepo n'kutetezanso bishopu wa pa g4. Ndipo ngakhale nditalakwitsa kale, njira inalipo: kusiya mfumukazi, kudya hatchi ndi pawn ya pa d6. Iye akanadya bishopu wanga, ine n'kutsala ndi ngongole ya pawn imodzi basi, masewera n'kumapitirira.

"Ndiye ndikanangodya chaching'ono?"

"Eya, amalume."

Ndinafunsa ngati msamphawo anaupeka yekha, kuti mwina ndidzitonthoze kuti ndagonja kwa mwana wodabwitsa. Ayi ndithu. Uli ndi dzina, Légal's mate, kuchokera kwa Mfalansa wina, Légal, amene ankasewera ku Café de la Régence mumzinda wa Paris m'zaka za m'ma 1700. Munthu ameneyu ndi amene anaphunzitsa Philidor, ndipo kayambidwe kanga kaja ka e5 ndi d6 kamatchedwa Philidor Defence. Ndiye kuti ndinabisala m'nyumba ya wophunzira, n'kukwapulidwa ndi ndodo ya mphunzitsi wake. Dzenje lakhala pamsewu zaka zoposa 200, lolembedwa m'mabuku a ana oyamba kumene, ine ndinalowamo ndi miyendo yonse iwiri, ndikulankhula.

Usiku sindinagone bwino. M'mawa, anthu asanadzuke, ndinamuitana kuti tibwereze, popanda mbale, popanda oonerera. Ndinasewera ngati munthu wowoloka mtsinje wa ng'ona. Ndinatulutsa hatchi zonse ziwiri, mfumu ndinaibisa pakona. Tinadutsa kusuntha 7, tinadutsa 15, ndidakali moyo. Kenako ndinaona mfumukazi yake yaima pamalo pamene hatchi yanga ikanaidya, yaulere.

Dzanja linanyamuka lokha. Ndinalibweza ndi linzake, n'kulikhalira. Ndinamuyang'ana m'maso, ndinamwetulira, ndinati, "Mwana wa achemwali, kawiri ayi." Ndinakankha ka pawn ka m'mphepete.

Anandigonjetsa patapita kanthawi, koma ndinadzuka pampando ndili ndi ulemu wanga. Ndinamuuza ndekha kuti alowetse mu foni muja, chinjini chione kusintha. Chinafika pa ka pawn kanga kaja n'kuikapo ?? zina, zofiira ngati zadzulo.

Tadala anakanda kumutu. "Pamenepo panalibe msampha, amalume. Ndinangoiwala kuti hatchi yanu ili pompo."